Pikapu yanu ingakoke ngolo yolemera bwanji? Yambirani pa ekiselo yakumbuyo

Funso limabwera mofanana nthawi zonse: "Achimwene, ndapeza ngolo ya matayala anayi, kodi Hilux yangayi ikoka?" Wina amafunsa za Ranger, wina za D-Max. Uyu akufuna kututa chimanga kumunda, uyo akupita ku Joni kukatenga katundu, winanso wagula boti loti atsike nalo kunyanja. Kuyankha mmodzimmodzi pa foni kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kamodzi.

Kukoka ikoka ndithu. Injini za dizilo za masiku ano zili ndi mphamvu zosuntha katundu woposa amene galimoto ingathe kumuimitsa kapena kukhota naye pakona. N'chifukwa chake funso la mphamvu ya injini silindidetsa nkhawa. Chimene chimayamba kudzaza kawirikawiri ndi ekiselo yakumbuyo, mtanda wachitsulo uja umene mawilo awiri akumbuyo amagwirako, ndipo ndi imene anthu ambiri saiwerengera n'komwe. Tengani cholembera, pepala ndi tepi yoyezera.

1. Pezani manambala a galimoto yanuyo

Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kapena kapepala kolimba kamene kampani yopanga inamata pa nsanamira ya chitseko chakutsogolo, nthawi zina mkati mwa boneti. Pamenepo, komanso m'buku la galimoto, mufufuze zinthu izi.

GVM ndi kulemera konse kumene pikapu imaloledwa kufika: galimoto yokha, mafuta, anthu, katundu wa m'bodi, kuphatikizapo kulemera kumene ngolo ikutsamiritsa pa towbar, chitsulo chija cha kumbuyo kwa galimoto chokokera ngolo. GCM ndi malire a pikapu ndi ngolo zikaphatikizidwa. Kenako pali malire a ekiselo yakutsogolo ndi malire a ekiselo yakumbuyo, iliyonse payokha. Pomaliza pali kulemera kwa ngolo imene galimoto ingakoke, ndipo apa manambala amakhala awiri: ya ngolo yopanda mabuleki, imene pa mapikapu ambiri ndi makilo 750, ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki ake.

Ngati galimoto yanu inachokera ku UK, kachitsuloko kamangondandalika manambala anayi popanda kunena kuti iyi ndi ya chiyani. Yoyamba ndi GVM, yachiwiri ndi GCM, yomwe yayamba ndi 1- ndi ya ekiselo yakutsogolo, yomwe yayamba ndi 2- ndi ya ekiselo yakumbuyo. Za ku America zimalemba GVWR m'malo mwa GVM, ndi GAWR pa malire a ekiselo, ndipo zimawerengeranso m'mapaundi. Kilo imodzi ndi mapaundi 2.2.

Kuti tikhale ndi chogwirapo, nditenga Ford Ranger ya 3.2, ya zitseko zinayi, ya 4x4, mtundu umene anayamba kupanga ku Silverton, Pretoria, mu 2011 ndipo wadzaza m'misewu yathu. Ambiri a mtundu umenewu amalembedwa motere: GVM 3,200, GCM 6,000, ekiselo yakutsogolo 1,480, yakumbuyo 1,850, ngolo ya mabuleki 3,500. Phatikizani 3,200 ndi 3,500, mupeza 6,700. Koma GCM ndi 6,000 basi. Makilo 700 asowera pati? Sanasowe. Kampani ikukuuzani kuti simungadzaze pikapu mpaka pamalire n'kukokanso ngolo yodzaza mpaka pamalire pa ulendo umodzi. Nambala ya 3,500 imene ogulitsa amakonda kutchula ndi ya galimoto yomwe mulibe zambiri kupatula woyendetsa ndi katundu wochepa. Hilux ndi D-Max zili ndi manambala akezake, koma nkhani yake ndi yomweyi. Musakopere manambala a mnzanu, ngakhale galimoto zikufanana maonekedwe: chaka, injini ndi giyabokosi zimasintha malire.

2. Yezani pikapu mmene idzayendere pa tsikulo

Kulemera kolembedwa m'blue book ndi kwa galimoto mmene inatulukira kufakitale. Kuyambira tsiku limenelo mwaikapo kanopi, bull bar, towbar yeniyeniyo, mwina tayala lachiwiri la sipeya, bokosi la zipangizo, zitsulo zotchingira m'mbali mwa bodi. Chilichonse mwa zimenezi chadya gawo la katundu amene mukanasenza. Dizilo wodzaza thanki ya malita 80 ndi makilo pafupifupi 67. Anthu akuluakulu anayi ndi makilo 300 kapena kuposerapo.

Pitani pa sikelo ya magalimoto. Makampani ogula chimanga, soya ndi mtedza, okumba miyala ya kwale ndi ogula zitsulo zakutha ambiri ali nayo, ndipo mukapempha bwino pa nthawi imene palibe mzere wa malole amakuyezerani. Pitani thanki ili yodzaza, anthu amene adzakwere ali momwemo, ngolo isanakolekedwe. Choyamba kwezani mawilo akutsogolo okha pa sikelo, mulembe nambala. Kenako kwezani galimoto yonse, mulembenso. Mukachotsera yoyamba pa yachiwiri, mwapeza kulemera kwa pa ekiselo yakumbuyo. Onetsetsani kuti galimoto yaima mowongoka poyeza mawilo akutsogolo okha. Ngati mawilo akumbuyo ali pa chitunda chokwerera pa sikelo, nambala inama.

Tinene mwachitsanzo kuti Ranger yathu ija, ya kanopi, yonyamula anthu anayi ndi zipangizo, yaonetsa 1,380 kutsogolo, 1,300 kumbuyo, yonse 2,680. Awa ndi manambala ongophunzirirapo, anu adzasiyana. Ndiye kuti pa GVM patsala makilo 520, pa ekiselo yakumbuyo patsala 550, pa GCM patsala 3,320. Taonani kuti ngolo ya 3,500 ija yagwa kale, m'bodi musanalowe ngakhale thumba limodzi.

3. Dziwani kulemera kwa ngolo

Ngolo yogula kukampani imakhala ndi kachitsulo kake kosonyeza GVM yake ndi kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiye katundu amene ingasenze. Ngolo ya GVM 2,500 yolemera makilo 700 payokha imasenza 1,800, amene ndi matumba 36 a makilo 50, kaya a chimanga, feteleza kapena simenti.

Ngolo zambiri kuno n'zopangidwa ndi owotcherera zitsulo, ndipo zilibe kachitsulo kalikonse. Opangawo amakonda zitsulo zochindikala, poti wogula akaona chitsulo chonenepa amati ngolo ndi yolimba, ndiye ngoloyo imalemera kwambiri isananyamule kanthu. Iyezeni yopanda kanthu. Malire ake muwatenge pa chiwalo chofooka kuposa zonse: ekiselo imene anaikapo inachoka ku galimoto yanji, matayala ake amasenza zingati, mutu wake wokolekera walembedwa nambala yanji.

Samalani ndi katundu wonyenga maso. Madzi ndi kilo imodzi pa lita, ndiye thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu. Mchenga wodzaza malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba umaposa tani imodzi ndi theka, ukanyowa umalemeranso kwambiri. Ngolo imaoneka ngati ili ndi malo ambiri otsala chonsecho inadzaza kalekale.

4. Yezani kulemera kotsamira pa mpira wa towbar

Ngolo siisenza katundu yense pa mawilo ake. Gawo lina limatsamira pa mpira wachitsulo wa towbar pamene mutu wa ngolo umavala, ndipo liyenera kutero. Ngolo yopepuka kumutu imavina pa msewu, kupita uku ndi uku mpaka kugwetsa galimoto. Mulingo umene ambiri amatsatira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse kwa ngolo, malinga ngati sukupitirira malire olembedwa pa towbar ndi m'buku la galimoto. Ngolo ya makilo 2,500 itsamiritse pafupifupi 250.

Poyeza, pakirani ngolo mmene idzayendere, tchingani mawilo ndi miyala, ikani sikelo ya pansi yoyezera matumba pansi pa mutu wa ngolo, ndi chipika choimirira chofikitsa mutuwo pa msinkhu wa mpira wa towbar. Ikhale sikelo yoona, osati ija ya venda wogula chimanga imene thumba lililonse limaonda likakwerapo. Ngati muli ndi sikelo yaing'ono yoyezera anthu yokha, goneketsani thabwa lolimba, mbali imodzi pa njerwa, inayo pa sikelo, zotalikirana masentimita 90. Mutu wa ngolo utsamire pa masentimita 30 kuchokera pa njerwa. Nambala imene sikelo ionetse muichulukitse katatu.

Njira ina ndi ya pa sikelo ya magalimoto ija: kolekani ngolo, kwezani pikapu yonse koma mawilo a ngolo akhale kunja. Zimene zaonjezereka pa nambala ya poyamba ndizo zikutsamira pa mpira.

5. Werengani zimene kulemera kumeneko kukuchita pa ekiselo yakumbuyo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene anthu amathyolera galimoto. Munthu amaganiza kuti makilo 250 a pa mpira ndi makilo 250 pa ekiselo yakumbuyo. Ayi. Mpira uli kutali kumbuyo kwa ekiselo. Mukakhala nokha kumapeto kwenikweni kwa benchi, mbali inayo imanyamuka, ndipo miyendo ya benchi yomwe ili pafupi nanu imasenza inuyo pamodzi ndi kulemera kumene miyendo inayo yasiya. Pa pikapu zimachitikanso chimodzimodzi: kutsogolo kumapepuka, ndipo zimene zachoka kutsogolo zimapita pa ekiselo yakumbuyo.

Tengani tepi. Yezani kuchokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa wilo lakumbuyo. Pa Ranger yathu ndi mamita 3.22, pa Hilux ya zitseko zinayi ya masiku ano ndi pafupifupi 3.09. Yezaninso kuchokera pakati pa wilo lakumbuyo kufika pamene pali mpira, motsatira utali wa galimoto. Tinene kuti mwapeza mamita 1.3. Phatikizani ziwirizi: 3.22 ndi 1.3 ndi 4.52. Gawani 4.52 ndi 3.22, mupeza 1.4. Imeneyi ndiyo nambala ya galimoto yanu, ilembeni penapake. Kilo iliyonse ya pa mpira imasanduka makilo 1.4 pa ekiselo yakumbuyo.

Choncho makilo 250 aja ndi 350 pa ekiselo yakumbuyo, ndipo kutsogolo kwachoka 100. Ekiselo yakumbuyo inali pa 1,300, tsopano yafika 1,650. Malire ndi 1,850. Patsala makilo 200.

Makilo 200 ndi matumba anayi. Anayi okha, m'bodi imene maso akukuuzani kuti mungalowe matumba 15. Ndipo matumba anayiwo muwaike kutsogolo kwa bodi, kufupi ndi kabini. Pa pikapu ya zitseko zinayi gawo lalikulu la bodi lili pamwamba pa ekiselo ndi kumbuyo kwake, ndiye thumba loikidwa kufupi ndi chitseko cha bodi limachita zomwe mpira umachita: limalemetsa ekiselo yakumbuyo kuposa kulemera kwake, n'kupepulanso kutsogolo. Mungaone kuti pa GVM panali patatsala 270, koma ekiselo yadzaza pa 200. Nambala yaing'onoyo ndi imene ikulamula.

Tiyeseko ngolo yaikulu, ya makilo 3,300. Pa mpira patsamira 330. Kuchulukitsa ndi 1.4 ndi 462. Ekiselo yakumbuyo yafika 1,762, ndipo zonse pamodzi zafika 5,980 pa GCM ya 6,000. M'bodi simulowa kanthu, ngakhale mbuzi ya apongozi. Kutsogolo kwachoka makilo 132, pa mawilo omwewo amene amakhotetsa galimoto ndi kugwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Mudzamva chiwongolero chikupepuka m'manja, ndipo usiku magetsi anu adzathobwa m'maso mwa obwera kutsogolo chifukwa mphuno ya galimoto yaloza kumwamba.

Anthu akaona kumbuyo kwa pikapu kwakhala pansi amachita zinthu ziwiri, zonse zolakwika. Choyamba, amasunthira katundu wa m'ngolo kumbuyo kuti mutu upepuke. Pikapu imawongokadi, ikuoneka bwino ili chiimire, koma ikangofika pa liwiro ngolo imayamba kuvina. Katundu wolemera azikhala pansi, pamwamba pa ekiselo ya ngolo ndi kutsogolo kwake pang'ono, pafupifupi magawo 6 mwa 10 kutsogolo, atamangidwa kuti asasunthe. Chachiwiri, amapita kwa amakaniko kukaonjezera masipuling'i kapena kuika zibaluni za mpweya. Zimenezi zimakweza bodi kuti isakhudze matayala, koma ekiselo ndi yomweija, maberingi ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo, chesisi n'chomwecho. Malire a pa kachitsulo sanasinthe. Choipa china n'chakuti masipuling'i olimba amabisa chizindikiro chokhacho chimene chikanakuuzani kuti mwapyola. Mapikapu a zitseko zinayi amene mumawaona atapindika msana pakati pa kabini ndi bodi, ambiri anapindika motere: katundu wolemera kumbuyo kwenikweni, ngolo pa mpira, kenako dzenje limodzi kapena hampu imodzi pa liwiro.

Towbar yotalikitsidwa kuti mutu wa ngolo usagunde sipeya kapena chitseko cha bodi imakulitsa nambala ija ya 1.4. Mpira ukhale pafupi ndi galimoto mmene kungathekere.

Mwina mwaonapo pa YouTube mapikapu akuluakulu a ku America, monga Ford F-350 kapena Ram 3500, akukoka ngolo zonga nyumba. Ngolo zambiri zoterozo sizikolekedwa kumbuyo kwa bampala. Chokolekera chake chimakhala m'bodi, pamwamba penipeni pa ekiselo, ndiye kutsogolo sikunyamuka. Komabe zimatsamiritsa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa ngolo, ndipo n'chifukwa chake ena mwa mapikapuwo ali ndi matayala anayi kumbuyo. Nawonso chimayamba kudzaza ndi ekiselo yakumbuyo. Musayerekeze Hilux yanu ndi zimenezo.

6. Bwererani pa sikelo zonse zitapakiridwa

Masamu a pa pepala amakuuzani zoyenera kupakira, sikelo ndiyo imatsimikiza. Kolekani ngolo yodzaza, yezaninso kutsogolo, pikapu yonse, kenako pikapu ndi ngolo pamodzi. Ekiselo iliyonse isapyole malire ake, pikapu isapyole GVM, ngolo isapyole GVM yake kapena malire a kukoka, zonse pamodzi zisapyole GCM. Chimodzi chikapyola, tsitsani katundu. Ine ndimalangiza kusiya mpata wa makilo 100 kapena kuposerapo pa ekiselo yakumbuyo, chifukwa malire aja anawaika poganiza za msewu wosalala, ndipo pa mabampu katundu amagunda ekiselo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake.

7. Matayala ndi towbar

M'mbali mwa tayala muli nambala yotsatana ndi chilembo, monga 112T. Nambala 112 ikutanthauza makilo 1,120 pa tayala limodzi, 106 ndi makilo 950, 104 ndi 900. Matayala awiri a 104 ndi makilo 1,800, osakwana 1,850 ya ekiselo ya Ranger. Mukagula matayala a kaunjika ongofanana saizi osayang'ana nambala imeneyi, mwatsitsa nokha malire a galimoto. Tayala limasenza zolembedwazo pokhapokha mpweya uli wokwanira, choncho popani mogwirizana ndi mulingo wa galimoto yodzaza wolembedwa pa chitseko, matayala asanatenthe. A ngolo nawonso chimodzimodzi.

Towbar ili ndi malire akeake, a kukoka ndi a kutsamira, ndipo akhoza kukhala otsika kuposa a galimoto. Mpira wokhazikika ndi wa mamilimita 50, ndipo mutu wa ngolo uyenera kuvala bwino osagwedera. Towbar yowotcherera pa bampala kapena pa chitsulo chopyapyala musakokere ngolo yaikulu. Iyenera kumangidwa ndi mabawuti pa chesisi, pa malo amene kampani inakonza. Tcheni chachitetezo chikolekedwe ku towbar, osati kungokulungidwa pa mpira.

8. Mabuleki ndi chiphaso

Ngolo yoposa makilo 750 imafunika mabuleki ake. Ambiri mwa amene timawaona ndi aja ogwira ntchito ngolo ikakankha galimoto: pikapu ikachepetsa liwiro, mutu wa ngolo umalowa mkati n'kukoka zingwe za mabuleki. Amafuna girizi ndi kusinthidwa pafupipafupi. Ngolo imene yakhala pansi pa mtengo dzinja lonse mabuleki ake amakhala atagwira dzimbiri, ndipo mwini wake amazindikira ali pa chitsetse.

Amene mumapita ku South Africa dziwani kuti lamulo lakumeneko limaonjezera china. Ngolo ya mabuleki okankha amenewa GVM yake isapose kulemera kwa galimoto yokokayo ikakhala yopanda kanthu. Ngati blue book ikuti pikapu yanu ndi makilo 2,200, ngolo yotereyi imalekezera pomwepo, ngakhale buku la galimoto likuti 3,500. Yoposa apo imafuna mabuleki amene woyendetsa amawalamulira ali pa mpando wake. Ngolo yopanda mabuleki isapose theka la kulemera kwa galimoto, ndiponso isapose 750.

Chiphaso choyendetsera galimoto cha B chimakulolani kukoka ngolo ya GVM yosapitirira makilo 750. Yoposa apo ndi EB. Apolisi amayang'ana GVM yolembedwa pa ngolo, ndiye kunena kuti "komatu ilibe kanthu, bwana" sikuthandiza. Ngolo ikhalenso ndi nambala yake ya ku Road Traffic, magetsi ogwira ntchito ndi zonyezimira.

9. Pa msewu

Mukayenda makilomita ochepa imani, gwirani pakati pa mawilo a ngolo ndi dzanja. Kufunda ndi bwino, kuotcha ndiye kuti beringi ikutha kapena buleki yagwira. Kokaninso zingwe zomangira katundu, zimakhwefuka msanga.

Liwiro lisapose makilomita 80 pa ola pamene muli ndi ngolo yaikulu, ndipo siyani mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo. Ngolo ikayamba kuvina musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo pokhotetsa chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, galimoto ichepetse yokha liwiro. Mukaima sunthirani katundu kutsogolo musanapitirize.

Zitsetse zazitali monga cha ku Chiweta, cha Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena chotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, ndi kumene matani asanu kapena asanu ndi limodzi amaonetsera kulemera kwake. Lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika, yachiwiri kapena yoyamba kumene, injini igwire galimoto. Ya otomatiki muitsekere pa giya yotsika ndi dzanja. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono kwa kanthawi n'kusiya kuti izizire, osati kuigoneka phazi njira yonse. Mukamva fungo la mabuleki akupsa kapena chopondera chikuyamba kulowa mkati kwambiri, imani pa malo otakasuka oyamba amene mwapeza, tchingani mawilo a pikapu ndi a ngolo ndi miyala, mudikire mpaka azizire.